Kugula wailesi ya shortwave ndi zovala za tenesi kuno ku Tete

Moni abale ndi alongo nonse amene mukutimvera, kaya muli mumzinda wa Tete, ku Moatize, ku Ulóngue kapena kumudzi ku Malawi. Lero tikambirane zinthu ziwiri zomwe Amalawi ambiri okhala kuno amataya nazo ndalama pogula: wailesi yogwira mayiko akutali (shortwave), ndi zovala zosewerera tenesi.

Tiyambe ndi wailesi. Pachipwitikizi shortwave amati onda curta, ndipo mabatire amati pilhas. Mawu awiriwa agwireni, chifukwa pamsika ngati wa Kwachena wogulitsa adzakupatsani wailesi iliyonse yolembedwa SW, chidule cha shortwave. Musakhutire ndi zilembo ziwirizo. Yang'anani manambala ali pagalasi. Wailesi yabwino iyenera kukhala ndi mamita 49, 41, 31, 25, 19 ndi 16, kapena kuyambira pa 5.9 MHz kufika pa 17.9 MHz. Usiku mawu amamveka bwino pa 49, 41 ndi 31, pomwe masana mumasamukira pa 19 ndi 16. Wailesi yomwe ili ndi manambala a usiku okha kapena a masana okha idzakhala chete theka la tsiku, inu n'kumati yawonongeka.

Yesani musanalipire. Ikani mabatire anu, solani eriyo yonse, mupotokole chosakira masiteshoni pang'onopang'ono. Eriyo ikamagwedera pamene yalumikizana ndi wailesi, isiyeni. Tsegulaninso pokhala mabatire: mukaona zoyera ngati ufa kapena dzimbiri pa masipuling'i, mabatire akale adataya madzi mmenemo ndipo mphamvu idzangodukaduka.

Mawailesi a singano ndi otsika mtengo, koma kutentha kwa kuno kumawasokoneza. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limapyola madigiri 40, zitsulo zam'kati zimafutukuka, siteshoni n'kumathawa pamene munaiika. Ngati thumba likulola, tengani yolemba manambala ngati Tecsun PL-310ET, yomwe imadya mabatire 3 a AA opezeka pa shopu iliyonse. PL-330 ndi yabwinonso, koma imagwiritsa batire ya BL-5C, ija ya mafoni akale a Nokia, choncho gulirani yachiwiri.

Vuto lalikulu limayamba mukafika kunyumba. Chaja ya foni, mababu a LED ndi invetala ya sola zimatulutsa phokoso lomwe limamiza mawu ofooka ochokera kutali, ndipo denga la malata limatchinga. Zulani chaja, mvetserani ndi mabatire, khalani pafupi ndi zenera. Waya wamba wa mamita 5 mpaka 10 wokulungidwa kunsonga kwa eriyo n'kumangirira pamtengo panja umasintha zinthu kwambiri. Ukatalika koposa apo, wailesi yotchipa imathedwa mphamvu, masiteshoni n'kumamvekera pamodzi. Ziphaliwali zikayamba, chotsani wayayo msanga. Kumbukiraninso kuti soketi zambiri kuno n'za mapini awiri ozungulira, osati atatu a kwathu.

Dziwaninso ichi: Channel Africa, siteshoni ya ku South Africa yomwe ili ndi mapulogalamu a Chinyanja, idachoka pa shortwave mu 2019 pomwe malo oulutsira mawu a ku Meyerton ku South Africa adatsekedwa. Masiteshoni omwe atsala, monga BBC, amasintha manambala kawiri pachaka, kumapeto kwa Malichi ndi kwa Okutobala. Siteshoni ikasowa nthawi imeneyo, wailesi yanu ilibe mlandu.

Tsopano zovala. Kaunjika kuno amati calamidade, ndipo zabwino zimatha tsiku lomwe belo latsegulidwa, ndiye funsani wogulitsa tsikulo mulawire. Tisheti ya thonje imamwa thukuta n'kulemera ngati chiguduli chonyowa. Funani ya polyester, yoyera kapena yowala. Iyanikeni padzuwa muone ngati m'khwapa mwapyapyala. Kabudula, yemwe pano amati calções, akhale ndi matumba akuya. Mpira wa tenesi ndi waukulu masentimita pafupifupi 6.5, ndipo wachiwiri umakhala m'thumba mukamayamba kumenya. Pisani chibakera m'thumbamo: chikalowa chonse, ndi yemweyo. Kokani lasitiki wa m'chiuno. Akalira ngati akuthetheka, wafa kale.

Pa nsapato ndi pamene anthu amapusitsidwa. Mukanena kuti ténis, wogulitsa amamva nsapato iliyonse yamasewera, ndipo adzakutulutsirani zothamangira. Zimenezo zili ndi chidendene chachitali ndi chofewa, zopangidwira kupita kutsogolo kokha. Pabwalo la tenesi mumathamangira cham'mbali n'kuima mwadzidzidzi, ndiye phazi limapindika pamfundo. Funani yakunsi kwafulati, yolimba m'mbali, yokhala ndi mizere yokhotakhota ngati minga ya nsomba. Ipindeni ndi manja: ipindike kuzala, osati pakati. Kanikizani soli ndi chala, chifukwa nsapato yokhalitsa m'belo guluu wake amauma, ndipo pa simenti yotentha ya kuno imakanuka sabata isanathe. Manambala akuno ndi a ku Ulaya, choncho amene kwathu amavala 8 ayambe kuyesa 42, atavala sokosi zomwe adzasewerere.