Foni iphunzitse khutu, kalasi iphunzitse pakamwa: mawu a mphunzitsi wa Chingerezi pa msonkhano wa makolo ku Mangochi

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata uwu. Ndipereke ulemu kwa mafumu athu, a gulupu ndi anyakwawa, mashehe ndi abusa, a komiti ya sukulu, amayi a gulu loyang'anira atsikana, aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse makolo amene mwasiya ntchito zanu, ena kumunda ena kunyanja, kuti mudzakhale nafe pano. Ndapemphedwa kuti ndifotokoze za kaphunzitsidwe ka Chingerezi kophatikiza zomwe timachita m'kalasi ndi zomwe zimabwera pa foni ndi pa intaneti, chifukwa nkhaniyi yautsa mafunso pakati panu, ndipo ena mwafika pondiimitsa pamsika n'kundifunsa ngati aphunzitsife tatopa moti tikufuna kusiyira foni ntchito yathu.

Ndiyambe ndi katundu amene mwana wa kuno ku Mangochi wasenza pamutu. Ana athu ambiri amakula akumva Chiyao, ndipo akamva ludzu amapempha "mesi", akaona ndiwo za m'nyanja amati "somba". Akafika ku Sitandade 1 timawapatsa buku lozitchula kuti "madzi" komanso "nsomba", pakuti kuyambira mu 1968 Chichewa ndicho chiyankhulo cha fuko lonse. Asanazolowere bwino, Chingerezi nacho chimakhala chayamba, ndipo akafika Sitandade 5 maphunziro onse, kupatula phunziro la Chichewa, amakhala m'Chingerezi. Masana ambiri a iwo amapitanso ku madrasa kumene amaphunzira zilembo za Chiarabu, zolembedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere. Choncho mwana wa zaka khumi amakhala akulimbana ndi ziyankhulo zinayi. Mwana wotereyu akamakanika kuyankha funso la Chingerezi, tisafulumire kunena kuti ndi mbuli.

Malamulo a chiyankhulo chophunzitsira akhala akusintha. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzitsidwa m'chiyankhulo cha makolo awo, ndipo mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi chizigwiritsidwa ntchito kuyambira Sitandade 1. Chimene sichinasinthe ndi ichi: mayeso a Sitandade 8 amalembedwa m'Chingerezi kupatula pepala la Chichewa, ndipo mwana wa Fomu 4 amene walephera Chingerezi sapatsidwa satifiketi ya MSCE ngakhale atakhoza bwino masamu ndi zaulimi. N'chifukwa chake nkhaniyi ndimayitenga ndi manja awiri.

Tsopano tiwerengetsere limodzi. Tiyerekeze kalasi ya ana 80, ndipo inu mukudziwa kuti makalasi ena kuno amaposa pamenepa, makamaka chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994. Mphunzitsi atakhala ndi mphindi 40, n'kusankha kuti iye asayankhule kalikonse koma agawire ana nthawi yonseyo mofanana, mwana aliyense angayankhule theka la mphindi lokha. Koma mphunzitsi ayenera kufotokoza, kulemba pa bolodi ndi kuchonga makope, kotero kuti ana ambiri amatha sabata yathunthu osatulutsa chiganizo n'chimodzi chomwe cha Chingerezi pakamwa pawo. Akaweruka sachimvanso paliponse, chifukwa kunyumba, kudambwe ndi kudoko kulibe amene amachiyankhula.

Komatu inu nomwe mukudziwa m'mene chiyankhulo chimalowera mwa munthu. Anyamata athu amene amapita ku Joni amabwerako akuyankhula Chizulu popanda kutsegula buku. Anyamata ogulitsa ziboliboli ndi oyendetsa alendo m'maboti ku Chembe amayankhula Chingerezi mosadodoma, ena a iwo sanafike ndi ku sekondale komwe. Chimene chinawathandiza ndi kumva chiyankhulocho tsiku ndi tsiku, komanso kukhala ndi munthu pamaso pawo amene akudikira yankho. Zinthu ziwirizi ndi zimene tikufuna kumpatsa mwana wa pasukulu pano. Kumva kobwerezabwereza angakupeze pa foni. Munthu womudikira yankho ndi womukonza akalakwa adzampeza m'kalasi.

Ndikhalitse pang'ono pa nkhani ya kumva, chifukwa apa ndi pamene foni imatiposa aphunzitsife. Chichewa chili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, pamene Chingerezi chili ndi maliwu a mavawelo opitirira khumi ngakhale chimalembedwa ndi zilembo zomwezi. Khutu la mwana wathu silisiyanitsa msanga "ship", kutanthauza sitima ya pamadzi ngati Ilala, ndi "sheep", kutanthauza nkhosa. Kwa ife l ndi r sasintha tanthauzo la mawu, koma m'Chingerezi "pray" ndi kupemphera pamene "play" ndi kusewera. Ifenso timakonda kumaliza mawu aliwonse ndi vawelo, n'chifukwa chake tinapanga sukulu ndi buku kuchokera ku mawu a Chingerezi amene amathera pa konsonanti. Kuti khutu lizolowere kusiyana kumeneku, mwana ayenera kumva mawu amodzimodziwo kambirimbiri. Ine ndingabwereze katatu kapena kanayi belu lisanalire. Foni ingabwereze ka makumi awiri osatopa, osakalipa, ndipo mwana wamanyazi angayeserere kuseri kwa nyumba popanda anzake omuseka.

Palinso nkhani ya kuiwala. Mu 1885 katswiri wina wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anaonetsa kuti zambiri zimene munthu waloweza zimatayika m'maola ndi m'masiku oyambirira, ndipo zimakhazikika ngati akuzibwereza motalikanitsa masiku. Mashehe athu mukuzidziwa bwino zimenezi, pakuti mwana salowezera sura ya m'Korani tsiku limodzi, amabwereza lero, mawa ndi mkuja. Mphindi khumi tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha. Paja akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Koma foni payokha siphunzitsa mwana kuyankhula, ndipo ndikunena zimenezi nditaziona. M'kalasi ina imene ndinaphunzitsapo munali mnyamata amene bambo ake anamutumizira foni yabwino kuchokera ku Joni. Ankaonera mafilimu a Chingerezi usiku uliwonse, ndipo ankatha kutchula mawu a m'mafilimuwo mokometsera kwambiri. Tsiku lina nditamufunsa kuti andiuze m'Chingerezi zimene anachita dzulo lake, anangoti kakasi. Filimu siinamufunsepo funso, ndiponso sinamuuzepo kuti apa walakwitsa. M'kalasi yomweyo munali mtsikana amene teremu yonse sanakwezepo mkono. Titayamba kutumizirana mauthenga a mawu kudzera pa foni ya amayi ake, anajambula mawu ake akufotokoza m'mene amayanikira usipa pa thandala, ndipo anabwereza kangapo mpaka atakhutira. M'mawa mwake ndinamupempha kuti anene zomwezo kwa mnzake wokhala naye pa desiki, kenako kwa gulu la ana asanu, ndipo pofika kumapeto kwa mwezi anaimirira kutsogolo kwa kalasi. Ana awiri onsewa ankagwiritsa ntchito foni. Kusiyana kwake kunali kwakuti zimene mtsikanayu ankachita pa foni zinkafunsidwa m'kalasi tsiku lotsatira.

Njira imeneyi si yachilendo m'dziko muno. Ena mukukumbukira pulogalamu ya Tikwere imene inayamba kuulutsidwa pa wailesi ya MBC mu 2008, yophunzitsa ana a makalasi oyambirira. Wailesi inkayankhula, kenako inkaima kuti mphunzitsi wa m'kalasimo atsogolere ana kuyankha, kuimba kapena kulemba. Mphamvu yake inali pa mphunzitsi amene waima pafupi ndi wailesiyo. Tinadzaonanso mbali inayo pamene sukulu zinatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19. Maphunziro ankaperekedwa pa wailesi ndi pa intaneti, koma ana anali okha, ndipo sukulu zitayamba kutsegulidwa mu Seputembala chaka chomwecho tinapeza kuti ena aiwala zimene ankadziwa, pamene atsikana ena a m'boma lino sanabwererenso chifukwa cha mimba ndi maukwati. Kuyambira mu 2023 boma likugawa matabuleti otchajidwa ndi sola m'sukulu za pulayimale kudzera mu ndondomeko ya BEFIT, kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzirirapo kuwerenga ndi masamu. Matabuleti amenewa safuna intaneti, ndipo ana amawagwiritsa ntchito pasukulu pomwe mphunzitsi akuwayang'anira.

Nazi tsono zimene aphunzitsi a Chingerezi tikufuna kuchita m'makalasi a Sitandade 5 mpaka 8. Lachisanu lililonse mphunzitsi azijambula mawu ake kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, akuwerenga kankhani kakafupi kochokera pa mutu umene uli m'buku la sabata yotsatira, pamodzi ndi mawu atsopano osapitirira khumi ndi mafunso atatu. Uthengawo uzitumizidwa pa gulu la WhatsApp la makolo. Mwana aumvere Loweruka ndi Lamulungu, katatu kapena kupitirira apo, ndipo alembe mayankho ake m'kope ndi dzanja, chifukwa mayeso a MANEB amalembedwa ndi cholembera papepala. Lolemba akabwera, mphunzitsi sadzatayanso theka la phunziro pofotokoza mawu atsopano. Ana adzakhala awiriawiri kufunsana ndi kuyankhana, onse 80 nthawi imodzi, mphunzitsi akuzungulira kumvetsera ndi kukonza. Mwana amene poyamba anali ndi theka la mphindi adzayankhula mphindi khumi. Pakati pa sabata, gulu limodzi la ana lizijambula mawu awo n'kutumiza kwa mphunzitsi, magulu akusinthana, kuti pakutha pa mwezi mphunzitsi akhale atamva liwu la mwana aliyense payekha.

Ndikudziwa funso limene lili m'mitima yanu, ndipo ndi funso loyenera: nanga amene alibe foni ya intaneti, kapena ndalama ya bandulo? Uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri ndi wopepuka kwambiri poyerekeza ndi vidiyo, ndipo tasankha mawu okha pa chifukwa chimenechi. Munthu mmodzi akaulandira, angaupatsire anzake pa Bluetooth popanda kulipira kalikonse, ndipo ungaikidwe pa memori khadi n'kumveredwa pa kafoni ka mabatani kapena pa wailesi zija zolowa khadi. Vuto lina ndi lakuti pakhomo pambiri foni ndi imodzi, ndipo imapita kunyanja ndi abambo madzulo n'kubwera m'mawa. Choncho tikupempha kuti mabanja oyandikana asanu kapena asanu ndi limodzi agwirizane za khomo limodzi ndi ola limodzi la masana limene ana azikamvera pamodzi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ngati njirayi ingathandize ana a m'mabanja opeza bwino okha, ndiye kuti tawonjezera mpata pakati pa ana athu, ndipo ineyo sindingavomere kuyipitiriza.

Pali zinthu zina zimene tiyenera kugwirizana poyera, mafumu ndi atsogoleri a zipembedzo akumva. Gulu la WhatsApp likhale la manambala a makolo, ndipo mphunzitsi wamkulu ndi mayi mmodzi wa gulu loyang'anira atsikana akhalemo. Mphunzitsi aliyense, wamwamuna kapena wamkazi, asamalembere mwana uthenga wapadera. Magulu omvera azikumana dzuwa lisanalowe, pakhonde poonekera, pali munthu wamkulu. Foni isabwere kusukulu m'thumba la mwana. Ndipo mukaona mwana akulemba chiganizo cha Chichewa mu Google Translate kuti imusinthire m'Chingerezi, mufunseni kuti akuwerengereni ndi kukufotokozerani tanthauzo lake. Chipangizochi chinayamba kumasulira Chichewa mu 2014 ndipo chimathandiza pofufuza mawu amodzi, koma chimasokoneza miyambi ndi zining'a, ndipo mwana amene wangokopera amakhala sanaphunzire kanthu.

Amayi ena anandiuza kuti iwo sangathandize mwana chifukwa sukulu anailekeza panjira ndipo Chingerezi sachimva. Amayi, ntchito yanu ndi yaikulu kuposa m'mene mukuganizira. Mwana akamaliza kumvera, muuzeni kuti akufotokozereni nkhaniyo m'Chiyao kapena m'Chichewa. Akatha kukufotokozerani, ndiye kuti wamva. Akalephera, amverenso. Musasiye kumuyankhula m'chiyankhulo chanu poganiza kuti chikutsekereza Chingerezi, pakuti mwana amene amadziwa kulongosola nkhani m'chiyankhulo cha amayi ake amakhala ndi poyambira akamalongosola m'chiyankhulo china.

Tikufuna kuyesa njirayi kwa teremu imodzi. Kumayambiriro tidzajambula mwana aliyense akuyankhula kwa mphindi imodzi, ndipo kumapeto tidzamujambulanso, kenako tidzakuitanani kuti mudzamvere nokha mawu a ana anu ndi kuweruza ngati tipitirize kapena ayi. Pakadali pano, a wapampando, ndikupempha kuti tisanabalalike anyakwawa atithandize kulemba mabanja amene ali ndi foni ya WhatsApp, amene ali ndi ya mabatani, ndi amene alibiretu, mudzi ndi mudzi, kuti magulu omvera tiwagawe lero lomwe. Makope olembamo ali patebulo apa. Amene ali ndi mafunso afunse m'Chiyao kapena m'Chichewa, ndipo ndiyankha. Zikomo.