Zimene zimakusowetsani tulo pokonzekera GRE ndi kufunsira thandizo la kafukufuku

(Pa sikirini: tebulo, buku la GRE lotsegula, wotchi ikuonetsa 1 koloko usiku)

Moni nonse. Ngati mukuonera vidiyoyi buku lili pambali, maso akulemera koma tulo sitikubwera, tiyeni tikambirane zimene zikukudyani mumtimazo.

Ambiri amayamba ndi mantha a GRE, mayeso amene mayunivesite ena akunja amafuna kwa ofunsira maphunziro opitirira digiri yoyamba. Mayesowa amakonzedwa ndi bungwe la ETS la ku America, ndipo kuyambira mu Seputembala 2023 anawafupikitsa. Kale munthu ankakhala pampando pafupifupi maola 4, pano safika maola 2. Gawo la mawu ndi gawo la masamu amapereka malikisi kuyambira 130 mpaka 170, pomwe nkhani yolemba, yomwe ndi imodzi ya mphindi 30, amaichonga kuyambira 0 mpaka 6.

"Masamu ndinasiya kalekale," mukutero. Masamu a GRE ndi a ku sekondale: aljebra, jiometri, maperesenti, kuwerenga matchati. Chimene chimapweteka ndi nthawi. Kakyuleta ili pa kompyuta pomwepo, ndipo mukalakwa funso sakuchotserani malikisi, choncho musasiye funso lopanda yankho. Chinanso, mafunso a mawu amabwera m'magawo awiri, a masamu chimodzimodzi, ndipo gawo lachiwiri limalimba kapena kupepuka malingana ndi mmene mwachitira loyamba. Mukaona mafunso akulimba, musataye mtima, nthawi zambiri ndiye kuti loyambalo munakhoza.

(Pa sikirini: masiku 21, maulendo 5, zaka 5)

Zikapanda kuyenda bwino, mumaloledwa kubwereza pakapita masiku 21, mpaka maulendo 5 pa miyezi 12, ndipo zotsatira zimagwira ntchito kwa zaka 5. Kubwerezako kumadya ndalama, inde, koma njira ilipo. IELTS ndi TOEFL, mayeso a Chingerezi, zotsatira zake zimakhala zaka 2 zokha, ndiye musathamangire kulemba musanadziwe chaka chimene mukufunsira. Musanalipire chilichonse, werengani kaye zimene sukuluyo ikufuna. Kuchokera mu 2020 mapulogalamu ambiri anasiya kufunsa GRE. Chevening, ndondomeko ya boma la Britain yolipirira maphunziro, siifunsa GRE, koma imafuna kuti mukhale mutagwirapo ntchito maola 2,800.

Tsopano pali chinthu chimene chimandipweteka ndikamaona anthu akukonzekera. Munthu amatha miyezi itatu akuloweza mawu a GRE, koma chikalata chofotokoza kafukufuku wake amachilemba mausiku awiri omaliza. Chikalatacho ndi chimene komiti yosankha anthu imawerenga mwachidwi, ndipo mukachitumiza simungachikonzenso mpaka chaka chamawa.

Mnzanga wina anandionetsa chake. Chinayamba motere: "Ndikufuna kufufuza za kusintha kwa nyengo ndi ulimi." Ndinamufunsa kuti, kodi ukufuna kudziwa chiyani kwenikweni? Anakhala chete, kenako anati, "Ndikufuna kudziwa ngati alimi amene amalandira uthenga wa zanyengo pa foni amasintha tsiku lodzala." Limenelo ndiye funso. Wowerenga amaona anthu amene mudzawafunse, nthawi imene zidzatenge, ndi chimene mudzapeze kapena kusapeza. Mutu woyambawo aliyense akanatha kuulemba.

Ena amati, "Ine ndilibe pepala lililonse lofalitsidwa." Fotokozani kafukufuku amene munachita m'chaka chomaliza cha digiri yanu: funso lake, mmene munasonkhanitsira zinthu, pamene zinavuta, ndi zimene mungachite mosiyana lero. Pamenepo komiti imaona ngati mumaganiza monga wofufuza.

(Pa sikirini: uthenga wa imelo ukulembedwa)

Makalata okuchitirani umboni ochokera kwa aphunzitsi ndi nkhawa imene ambiri amaizindikira mochedwa, chifukwa kalatayo simuilemba ndinu. Apempheni kudakali miyezi iwiri. Musangoti "mundilembereko kalata." Akumbutseni kalasi imene anakuphunzitsani ndi chaka chake, atumizireni CV ndi chikalata cha kafukufukucho, ndipo muwauze tsiku lomaliza. Sankhani amene anaona ntchito yanu ndi maso awo, ngakhale si pulofesa wotchuka. Kukatsala sabata imodzi, akumbutseni mwaulemu, si mwano ayi, ali ndi zambiri pamutu.

Pa tsiku lomalizalo, yang'ananinso ola lake ndi dziko lake. Ngati alemba nthawi ya ku London kapena ku Washington, werengetsani ndi wotchi yanu lero, ndipo mulembe pa kalendala tsiku la masiku awiri m'mbuyo mwake kuti likhale lanu lotumizira.