Makope a Madala ndi K Yotembenuka

Moni abale anga nonse, kaya mukumvera muli ku Ndirande, ku Mzuzu, ku Joni, kaya muli kuno kwa eni ngati ine. Ndikujambula ndili m'galimoto, ndangoweruka kumene ntchito ya usiku, ndiye mawu akamasasa mundikhululukire.

Ambiri mukudziwa kuti ndimasamalira okalamba kuno ku Oakland, ku California. Madala amene ndimawasamalira panopa ali ndi makatoni atatu pansi pa bedi. Sabata yoyamba ndinawakoka kuti ndikolope, madala anakuwa ngati ndawapisa m'thumba. Mkati mwake muli makope okhaokha. Masewero aliwonse a baseball amene anaonera kuyambira ali mnyamata anawalemba ndi pensulo, m'timabokosi ting'onoting'ono. Womenya mpira akalephera kuumenya katatu mpaka kutuluka, amalemba K. Akatuluka atangoima, ndodo ili paphewa osaigwedeza n'komwe, K ija amailemba chotembenuza.

Ine masewerowa ankanditopetsa, ndisaname. Munthu wakulira Maule ndi Manoma, ukhale maola atatu kuonera anthu ataima, akutafuna ndi kulavula? Komanso timu iliyonse imasewera masewero 162 pa chaka. Koma madala sagona msanga, ine ntchito yanga ndi kukhala nawo, ndiye ndinalowa sukulu yosafuna.

Phunziro loyamba linali ili. Kwa zaka zambirimbiri womenya ankamuyeza ndi nambala imodzi, batting average. Ukamenya bwino katatu pa maulendo khumi, amalemba .300, ndiwe katswiri. Koma kupatula kumenya, pali njira inanso yofikira pa besi yoyamba, malo oyamba oimapo pozungulira bwalo kuti upeze chigoli. Woponya akaponya mipira inayi kunja kwa malo oyenera, iwe n'kudziletsa osaimenya, umangoyenda ulele kukaima pa besi. Amati walk. Batting average siiwerengera zimenezo, ngati kuti kudekha si luso. Pamene chofunika n'chakuti usatuluke, chifukwa mukatuluka atatu mpata wa timu yanu watha.

Amene analimbikira kufunsa mafunso otere ndi Bill James. Apa ndinaseka, chifukwa bambo ameneyu anali mlonda wa usiku pa fakitale ya nyemba zam'zitini ku Lawrence, ku Kansas. M'malo mowodzera, ankawerengetsa manambala a osewera, ndipo mu 1977 anayamba kudzisindikizira yekha timabuku. Dzina loti sabermetrics, kutanthauza kuyeza masewerowa ndi masamu, analipeka ndi iyeyo, kuchokera ku SABR, bungwe la ofufuza za baseball lomwe linayamba mu 1971. Inenso chaka changa choyamba kuno ndinali mlonda, abale. Chomwe ndinatulukira ine ndi kagonedwe ka pampando osagwa.

Ndiye pali kope la 2002, limene madala salola kuti ndiligwire ndi manja onyowa. Chaka chimenecho Oakland Athletics inali itangotaya akatswiri ake, Jason Giambi wapita ku New York Yankees, Johnny Damon ku Boston. Ndalama zolipira osewera zinali cha m'ma 40 miliyoni dola, a Yankees akuwononga kuchulukitsa katatu. Bwana wogula osewera, Billy Beane, anayamba kutola anthu amene matimu ena ankawaona ngati zotsalira, bola manambala akuonetsa kuti amafika pa besi. Mmodzi anali Scott Hatteberg, wovulala chigongono, woti sankathanso kuponya bwino. Anamuphunzitsa malo atsopano, pa besi yoyamba.

Madala ananditsegulira tsamba la pa 4 September. Timu inali itapambana masewero 19 motsatizana. Tsikulo inatsogola 11-0 pa Kansas City, kenako n'kutayirira mpaka 11-11. Mukaona tsambalo, pensulo ikunka ilemera, pena pepala linachita kubooka. Pamapeto penipeni Hatteberg yemwe uja anachoka pa benchi, n'kuumenya mpira kunja kwa bwalo. 12-11, kupambana kwa nambala 20. Pakona pali dontho la mowa louma, lazaka zoposa makumi awiri.

Chikho sanatenge, anagwetsedwa ndi Minnesota. Ndipo nzeru ija sinakhalitse m'manja mwa osauka. Boston inalemba ntchito Bill James, mu 2004 n'kutenga chikho chimene inachisowa kwa zaka 86. Lero timu iliyonse ili ndi chipinda cha anyamata a makompyuta. Kuyambira 2015 mabwalo onse 30 ali ndi Statcast, makina oyeza liwiro la mpira ukachoka pa ndodo, mmene wakwerera, ngakhale mmene ukuzungulirira m'mwamba. Zinafika poti otchinga ankaunjikana mbali imodzi chifukwa kompyuta yanena kuti uyu amamenyera uku, mpaka mu 2023 anachita kuletsa ndi lamulo.

Ine ndimaona kuti masamuwa sanama. Kwathu timakangana pa minibasi kuti uje ndi dolo chifukwa anapyola anthu atatu, osawerenga kuti wataya mpira kangati. Madala amavomera, koma monyinyirika. Amati manambala akale ankawalemba okha ndi dzanja, a lerowa amangouzidwa.

Pa 26 September 2024 Athletics inasewera komaliza ku Coliseum, bwalo lake la kuno ku Oakland, isanasamukire ku West Sacramento podikira Las Vegas. Miyendo ya madala sikanalola kupita, ndiye tinaonera pa TV, ine ndikusongola mapensulo. Analemba 3-2, Texas yagonja, n'kutseka kope. Sanadye usiku umenewo.

Panopa dzanja lawo limanjenjemera, ndiye wolemba ndine. Timamvera Giants ya kutsidya kwa nyanja ku San Francisco, ngakhale amalumbira kuti saichemerera. Dzulo ndinalemba K yowongoka, iwo anandimenya pamkono ndi nyuzipepala.

"Anaigwedeza ndodo ameneyo?"

"Ayi, madala."

"Ndiye fufuta."

Ndinafufuta. Abale, maso akulemera, ndikagone. Tikumane sabata yamawa.