Wagwanso? Mutoleninso

Mwadzuka bwanji okondedwa mwa Ambuye, a ku Chibavi, Luwinga, Zolozolo ndi konse kumene uthengawu wakupezani muli m'bulangete chifukwa cha chisanu cha Mzuzu. Mawu athu ndi Agalatiya 6:9, mumawadziwa kale. Tisaleme pochita zabwino. Lero lokha musaleme.

Kwa achemwali anga ku Katoto kuli kansomba kofiira m'botolo lalikulu lagalasi, amakatcha betta. Kwawo ndi ku Thailand, m'minda ya mpunga ndi m'zithaphwi, m'madzi osayenda a mpweya wochepa. Nchifukwa chake kamakwera pamwamba kukameza mpweya wakunja. Kamphongo kamatenga mpweya womwewo, kuukuta ndi malovu, n'kulavula kathovu. Kamodzi, kenako kena, mpaka pamwamba pa madzi pataunjikana chisa cha thovu lokhalokha. Mmenemo ndi mosungira mazira, kuti akhale pafupi ndi mpweya, asamire m'matope.

Chambo chathu mazira amafungatira ndi mayi, m'kamwa. Kwa betta ntchitoyo ndi ya bambo. Dzira likagwa limamira, iye amalitsata, kulitola ndi pakamwa, kulibwezera m'thovu. Lagwa lina, watolanso. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri mazira amaswa, koma tiana timagwabe mpaka titadziwa kusambira, ndipo bamboyo amangotolabe. Thovu nalo silichedwa kuphulika, ndiye akutola uku akukonza chisa.

Sabata ino mnyamata wanga wabweranso usiku akununkha mowa, patapita miyezi ndikuyamika Mulungu kuti wasiya. Ndinakhala pa mkeka mtima ukuti basi, ndatola mokwanira, amire. Mwina nanunso muli naye wanu, mwana, mwamuna, mng'ono, amene dzina lake mwalichotsa mwakachetechete pa mapemphero anu. Kutchalitchi timayimba bwino za chikondi, koma kunyumba tawerengera kale kuti wagwa kangati. Abale, anatipatsa ntchito yowerengera ndani? Ife Ambuye atitola kangati?

Mutoleninso. Kumutola sikuvomereza mowa wakewo ayi, mudzudzuleni ndithu, koma pakamwa pomwepo pakhalenso potchulira dzina lake pamaso pa Mulungu.

China chimene chimandikhudza n'chakuti kansomba ka ku Katotoko kali kokhakokha. Kakakazi kulibe, dzira nalo kulibe, koma chisa kamamanga. Achemwali akasintha madzi thovu lonse limabalalika, m'mawa mwake mupeza kayambanso pakona. Sikadikira kuona kaye mazira. Ife timafuna munthu asinthe kaye ndiye tim'konzere malo. Konzani malowo lero, kukolola kuli ndi nyengo yake, ndipo nyengoyo saika ndinu.

Ine wanga akadali mtulo, tiyi ndamuikira kale pa mbaula ndipo akadzuka tikambirana. Mundikumbukire m'pemphero kuti mawu anga asatuluke ndi ukali. Amene muli ndi wanu wotere lembani Amen, timunyamule limodzi.

Tsiku labwino nonse.