Wapampando wa HOA akati "ndalamula", walamuladi?

Moni nonse, takulandiraninso. Lero tili pa nkhani ya HOA, mabungwe a eni nyumba a ku America aja, makamaka mikangano ya m'komiti. Muonere mpaka kumapeto, chifukwa mfundo yachiwiriyo anthu ambiri olipira ku mabungwewa amaiphonya.

Mwachidule kwa amene simukuwadziwa. Mukagula nyumba m'dera lomwe lili ndi HOA, mwalowa m'bungwe basi, sakufunsani. Mumapereka ndalama mwezi ndi mwezi, bungwe limasamalira misewu ya mkati, kapinga, dziwe losambiramo. Mukaphwanya lamulo, chindapusa. Mukasiya kulipira, m'zigawo zambiri nkhani imatha kufika pogulitsa nyumba yanu. Mabungwe otere alipo oposa 350,000, ndipo anthu okhala m'madera ake ndi oposa 70 miliyoni. Eni nyumba amasankha komiti, kawirikawiri ya anthu 3, 5 kapena 7, ongodzipereka.

Choyamba, mapepala ali ndi akulu ndi ang'ono. Pamwamba pali lamulo la boma, kenako chikalata chachikulu cha malowo chimene amati CC&Rs, kenako zikalata zoyendetsera bungwe, ndipo pansi penipeni malamulo ang'onoang'ono a komiti. Lapansi likatsutsana ndi lapamwamba, lapansilo lagwa. Tapitirira.

Chachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo. Anthu amati wapampando ndiye bwana wa bungwe. Bodza limenelo! Limandipweteka chifukwa ndi limene limalola munthu mmodzi kuopseza anzake mazana. Wapampando ali ndi voti imodzi, chimodzimodzi mlembi, chimodzimodzi msungichuma. Mphamvu zili mwa komiti yonse ikakhala pansi, anthu atakwana, n'kuvota. Ntchito yake ndi kutsogolera msonkhano, kusaina zimene komiti yavomereza, kulankhula m'malo mwa bungwe. Kusaina kontilakiti ndi kwina, kugamula kuti kontilakitiyo ipite kwa ndani ndi kwinanso.

Tiyerekeze. Komiti ya anthu 5. Wapampando watopa ndi kampani yotchetcha kapinga, waimba foni kuichotsa, walemba ina ya mnzake. Anayi enawo akumva nkhaniyi itatha kale. Ameneyo wadumpha malire, ngakhale kampani yatsopanoyo itakhala yotsika mtengo. Ena mukuti, "Nanga akalembera anzake imelo, onse n'kuyankha kuti inde?" Ku California, pansi pa lamulo la Davis-Stirling la 1985, komiti siloledwa kugamula nkhani kunja kwa msonkhano, ndipo kuvota pa imelo n'kwa zadzidzidzi zokha. Eni nyumba ayenera kudziwitsidwa za msonkhano kutatsala masiku 4. Ku Florida, m'mutu 720 wa malamulo awo, chidziwitso chimakhomedwa poonekera kutatsala maola 48. Cholinga chake n'choti inu mwini nyumba mubwere, mumve ndi makutu anu ndalama zanu zikukambidwa.

Tsono imvani ichi, pakuti ndi pamene makomiti amasokonezeka. Wapampandoyo ali ndi maudindo awiri. Umembala wa komiti anampatsa ndi eni nyumba. Upampando, m'mabungwe ambiri, anampatsa ndi anzake a m'komiti. Ndiye atatu mwa asanu aja akhoza kumutsitsa pampando pa msonkhano wotsatira, osadikira chisankho. Koma kumuchotsa m'komiti sangathe mwachisawawa. Amatsalabe ndi voti yake mpaka amene anamusankha amuchotse. Mbali zonse ziwiri zimalakwitsa apa. Wapampando amadziona ngati wosakhudzika. Anzakenso akamutsitsa amayamba kumubisira mapepala ndi kusamuitana kumisonkhano, chomwe ndi kuphwanya lamulo kwina. Ku California membala aliyense wa komiti ali ndi ufulu woona mabuku a bungwe, kaya mumamukonda kaya ayi.

Ngati mwaphunzirapo kanthu kufika apa, dinani like ndi subscribe, ndipo vidiyoyi muitumize kwa m'bale wanu amene wagula nyumba kumeneko. Zimatithandiza kwambiri.

Chachitatu, manijala, amene amagwira ntchito za tsiku ndi tsiku za bungwe. Ndi wolembedwa ntchito, alibe voti, amamvera komiti yonse osati wapampando yekha. Basi.

Chachinayi, ndalama. Ku California komiti singakweze zopereka za nthawi zonse kuposa 20 peresenti pachaka popanda eni nyumba kuvomereza. Ndipo musaganize kuti kusayang'anira mabuku ndi nkhani yaing'ono. Mu November 2022, ku HOA ya Hammocks, m'dera la Miami-Dade ku Florida, anamanga anthu ena amene anali kapena anakhalapo m'komiti powaganizira kuti anaba ndalama zoposa madola 2 miliyoni, mpaka khoti linaika munthu wapadera woti ayendetse bungwelo. Kunali anthu masauzande olipira mokhulupirika.

Chachisanu, muchite chiyani komiti ikakanika? Yambani ndi kupempha maminitsi, polemba kalata. Fufuzani voti imene inaloleza chinthu chimene mukudandaulacho. Ikasowa, mwapeza poyambira. Pitani kumsonkhano mukafunse pamaso pa onse: "Zimenezi zinavomerezedwa liti, ndipo anavota ndani?" Zikapitirira, pali njira yochotsera komiti. Ku California eni nyumba 5 pa 100 alionse akasaina, msonkhano wapadera uyenera kuitanidwa. Ku Florida, oposa theka la eni mavoti onse akagwirizana polemba, membala amachoka ngakhale popanda kutchula chifukwa. Chigawo chilichonse chili ndi malamulo ake, ndiye werengani anu musanayambe kusainitsa anthu, poti pepala limodzi lolakwika limagwetsa ntchito yonse.

Mu vidiyo yotsatira tidzaona misonkhano yachinsinsi ya komiti, nkhani zimene lamulo limalola kukambira mseri ndi zimene amangobisa. Mafunso anu lembani m'munsimu, ndidzayankha.