Kuteteza bala la opaleshoni kwa munthu amene ali ndi kachilombo ka HIV

Okondedwa omvera, malangizo a lero akupita kwa inu amene muli ndi kachilombo ka HIV ndipo madokotala akuuzani kuti mukufunika opaleshoni, komanso kwa inu amene mudzakhale mukusamalira wodwalayo akadzatuluka m'chipatala. Ndiyambe ndi kukuchotsani mantha. Kukhala ndi kachilomboka si chifukwa chokanira opaleshoni, ndipo si chifukwa choti wina akukanizeni. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika, moti kachilombo sikakuonekanso poyeza magazi, bala lake limapola pafupifupi mofanana ndi la wina aliyense. Chimene chimasiyanitsa odwala ndi mphamvu ya chitetezo cha m'thupi pa tsiku limene mpeni ukukhudza khungu, ndipo mphamvu imeneyo imakonzedwa masabata angapo tsikulo lisanafike.

Choyamba, uzani dokotala wa opaleshoni komanso wopereka mankhwala ogonetsa kuti muli ndi kachilomboka, ndipo muwaonetse mankhwala onse amene mumamwa, ngakhale azitsamba. Sizongofuna kudziwa za moyo wanu ayi. Ma ARV ena, makamaka amene ali ndi ritonavir, amachedwetsa thupi kuchotsa mankhwala ena ogonetsa ndi opha ululu monga midazolam ndi fentanyl, moti wogonetsayo akapanda kudziwa akhoza kupereka mlingo umene ungakhale wochuluka kwa inu.

Pemphani kuti akuyezeni magazi kuti adziwe zinthu ziwiri: kuchuluka kwa kachilombo, ndi chiwerengero cha CD4, maselo a m'magazi oteteza thupi ku matenda. Munthu wathanzi amakhala ndi CD4 yapakati pa 500 ndi 1,500. Ikatsika pansi pa 200, ndiye kuti chitetezo chafooka kwambiri, ndipo tizilombo timene thupi likanagonjetsa mosavuta tikhoza kulowa pabala ndi kufalikira m'magazi. Zikatero, ngati opaleshoniyo ndi yoti ikhoza kudikira, madokotala nthawi zambiri amaisuntha kuti mankhwala ayambe abwezeretsa mphamvu, ndipo amafufuzanso chifuwa chachikulu ndi matenda ena obisala. Musakwiye akakuuzani kuti mubwerere. Koma ngati ili yadzidzidzi, monga matumbo akapotana kapena mayi akalephera kubereka, palibe chodikira, ndipo imachitika CD4 kaya ikhale yotsika bwanji.

Tsopano mvetserani bwino pano, chifukwa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Akakuuzani kuti musadye kanthu kuyambira usiku, musaganize kuti ndiye mwaletsedwanso ma ARV. Funsani mwachindunji kuti, kodi ma ARV anga ndimwe nthawi yanji? Kawirikawiri yankho limakhala loti mumwe pa nthawi yanu ya masiku onse ndi madzi pang'ono. Kudukiza kumapatsa kachilombo mpata wochulukana ndi wozolowera mankhwala, ndipo kwa amene alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, kusiya ma ARV a tenofovir kapena lamivudine mwadzidzidzi kukhoza kudzutsa matendawo moopsa. Tengani mankhwala anu okwanira popita kuchipatala, pamodzi ndi Bactrim ngati mumamwa. Ngati simungathe kumeza kwa masiku angapo opaleshoni itatha, dokotala ndiye aganize chochita, osati inu nokha. Ndiwonjezere kuti amene mumamwa ma ARV a dolutegravir mukapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi, a calcium, kapena mankhwala a kutentha kwa pamtima, muzimwa dolutegravir maola 2 musanamwe enawo, kapena maola 6 mutawamwa, popeza amamulepheretsa kulowa bwino m'magazi.

Osuta fodya asiye masabata 4 opaleshoni isanachitike. Odwala shuga aonetsetse kuti watsika. Amene mwaonda kwambiri muuzeni dokotala, chifukwa bala silipola msanga m'thupi loperewera zakudya zomanga thupi.

Usiku wotsiriza kapena m'mawa wa tsikulo, sambani thupi lonse ndi sopo ndi madzi oyera, ndipo muvale zochapa. Musamete malo amene adzachekepo. Ambiri amaona ngati kumeta ndi ukhondo, koma lezala amasiya timabala tosaoneka ndi maso, ndipo m'timabala timenemo tizilombo timaswana usiku wonse. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a chaka cha 2016, linanena kuti tsitsi lisachotsedwe, ndipo ngati kuli kofunikadi, lidulidwe ndi makina ometera, osati lezala.

Malangizo omwewo akunena za maantibayotiki, ndipo apa ndikufuna ndichedwepo. Mankhwala oteteza bala, amene nthawi zambiri amakhala cefazolin, amaperekedwa pamtsempha mkati mwa mphindi 120 asanacheke khungu, ndipo madokotala ambiri amasankha ola lomaliza. Cholinga chake n'chakuti pamene thupi likutsegulidwa, mankhwala akhale atafika kale m'magazi ndi m'minofu. Akaperekedwa bala litasokedwa kale, nthawi yake imakhala itapita. WHO ikulangizanso kuti mankhwalawa asapitirizidwe opaleshoni itatha ngati cholinga ndi kungoteteza. Ndikudziwa kuti achibale ena amadandaula akaona wodwala wawo akutuluka wopanda makapisozi, mwina n'kukagula okha poganiza kuti munthu wa kachilombo amafunika ambiri. Musatero. Kumwa maantibayotiki kwa sabata popanda matenda sikutseka bala, koma kumangophunzitsa tizilombo kupirira mankhwala, ndipo tsiku limene bala lidzatukusiredi, mankhwalawo akhoza kudzalephera kugwira ntchito. Musagulenso nokha mankhwala opha ululu monga diclofenac, amene akaphatikizana ndi tenofovir amalemetsa impso.

Mukafika kunyumba, bandeji yoyamba isiyeni kwa maola 48 pokhapokha itanyowa kapena kuda, kapena anamwino atakuuzani zina. Aliyense wokhudza bala asambe m'manja ndi sopo asanaligwire komanso ataligwira, ndipo wosamalira wodwala avale magolovesi posintha bandeji. Pabala pasapakidwe mafuta, phulusa, mankhwala otsukira mano kapena zitsamba. Yambani kuyenda pang'onopang'ono mwamsanga monga mwalangizidwira, ndipo muzipuma mozama kangapo pa ola lililonse, chifukwa chibayo chimakonda munthu wogona malo amodzi.

Bala likhoza kutukusira nthawi iliyonse mkati mwa masiku 30, ndipo ngati anakuikani chitsulo m'fupa, mpaka masiku 90. Liyang'aneni tsiku ndi tsiku pamalo owala. Bwererani kuchipatala tsiku lomwelo mukaona kuti ululu ukuwonjezeka m'malo mochepa, khungu lozungulira bala latupa, latentha kapena lasintha mtundu, pakutuluka mafinya kapena fungo, ulusi wayamba kumasuka, kapena thupi latentha kufika madigiri 38. Inu amene CD4 yanu ndi yotsika musadikire kuti thupi litenthe, chifukwa chitetezo chofooka nthawi zina sichionetsa zizindikiro zamphamvu. Kufooka kwachilendo, kupuma mofulumira, kunjenjemera kapena kusokonezeka mutu n'zokwanira kuti munyamuke, ngakhale pakati pa usiku, mutatenga ma ARV anu ndi kalata imene anakupatsani potuluka.