Gwirani chiboda m'mawa uliwonse

Zikomo abale ndi alongo pobwera, chikhalirecho lero ndi tsiku lanu lopuma. Ambiri pano mumasamala mahatchi m'makola a kuno ku Joni, ndipo hatchi ikadwala woyamba kuiona ndinu, osati bwana kapena dokotala. Ndiye tikambirane za nthenda ya ziboda yotchedwa laminitis.

M'kati mwa chiboda muli fupa. Fupalo silikhala pansi ayi, limalendewera ku khoma la chiboda ndi timinofu topyapyala toposa 500, tolowanalowana ngati zala zanga izi. Timinofuto tikatupa timayamba kumasuka, fupa n'kupendekera kutsogolo kapena kutitimira. Zikafika poipa limaboola pansi pa chiboda. Tangoganizani chikhadabo chikuzuka, inu mutaimira pomwepo ndi thupi lolemera makilogalamu 500.

Kawirikawiri gwero lake ndi chakudya. Msipu wanthete womera ndi mvula yoyamba ya mu Okutobala uli ndi shuga wambiri, ndipo hatchi yonenepa, ya khosi lokhuthala, ndiyo imagwidwa msanga. Ina imathyola chitseko usiku n'kudya thumba la chakudya cha chimanga. Yaikazi imene chotsalira sichinatuluke itabereka nayonso ili pangozi. Abulu akwathu aja nawonso amadwala, kungoti bulu amabisa ululu.

Tsono m'mawa, musanagwire tsache, gwirani ziboda, makamaka zakutsogolo. Kodi zikutentha? Kenaka ikani zala kuseri kwa mfundo ya pamwamba pa chiboda, pamene pamadutsa mtsempha. Hatchi ikakhala bwino, kugunda kwake mumachita kufunafuna. Kukamamveka mwamphamvu ngati mtima wa munthu wothamanga, pali vuto. Phunzirani kugwira pamenepo hatchi ili bwinobwino, apo ayi simudzadziwa kusiyana kwake.

Onaninso kaimidwe. Imatambasulira miyendo yakutsogolo patali n'kutsamira kumbuyo, kuthawa ululu wa kutsogolo kwa chiboda. Madokotala amagawa ululuwu pa masiteji anayi, njira imene anakonza dokotala wa ziweto wotchedwa Obel mu 1948. Yoyamba, hatchi imangosinthasintha miyendo itaima. Yachiwiri, imayenda mouma koma imalola kunyamula mwendo. Yachitatu, imakana kuti munyamule mwendo. Yachinayi, siisuntha n'komwe. Mukamaimbira foni dokotala, nenani zimene mwaona mwa izi.

Amayi afunsa ngati kuiyendetsa kumathandiza. Chonde, ayi! Sitepe iliyonse ikung'amba timinofu tija. Iikeni pa mchenga kapena utuchi wambiri, viikani miyendo m'madzi a ayezi, chotsani chakudya cha chimanga, musiye udzu wouma ndi madzi, dokotala abwere tsiku lomwelo. Iyeyo amapana chiboda ndi chopanira kuti apeze popweteka, amapapasa pamwamba pa chiboda ngati palowa m'kati, ndipo X-ray ndiyo imaonetsa mmene fupa lapendekera ndi mnofu umene watsala pansi pake.

Hatchi yachilendo ikabwera m'khola, werengani chiboda chake. Mizere yozungulira yopanikizana kutsogolo koma yotalikirana ku chidendene, pansi pophwatalala, mzere woyera wa m'mphepete mwa pansi pa chiboda wotambasuka: imeneyo inadwalapo, ndipo ikhoza kudwalanso. Chiboda chimakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, chonse chimatenga pafupifupi chaka kuti chisinthike, ndiye mzere umene uli pakatikati ukukuuzani za miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yapitayo.

Tsopano tiyeni panja. Hatchi ziwiri zatikonzekera, aliyense aupeze mtsempha uja ndi zala zake.